Print Screen, Alt ndi ndeke za m'cipinda cogona

Pa kiyibodi ya kompyuta pali mabatani awili amene ambili a ife timangowadumpha. Limodzi lili pamwamba cakumanja, lolembedwa PrtSc kapena Print Screen. Linalo ndi Alt, lokhala pambali pa batani lalitali lija losiyila mpata pakati pa mawu. Onse awili analipo kale pa kompyuta ya IBM PC imene inatuluka mu August 1981, ndipo mpaka lelo sanacokepo, olo kuti nchito yawo inasintha. Ngati mufuna kumva mbili yawo, anthu abwino kuwalondola ndi amene kwa zaka zoposa 40 akhala akuulutsa ndeke ali khale pampando m'cipinda cogona, pa pulogilamu yochedwa flight simulator. Anthu amenewa anali ndi mavuto awili a tsiku ndi tsiku. Anali kufuna kuonetsa anzawo kumene afika, ndipo anali kufuna kulemba zinthu monga 280° pa makina amene analibe batani la kakang'ono kozungulila kaja.

Kuphunzila kuyendetsa ndeke uli pansi kunayamba makompyuta kulibe. Mu 1929, Edwin Link wa m'tauni ya Binghamton ku New York anapanga kabokosi ka timapiko tufupi-tufupi, kamene munthu anali kulowamo n'kudzitsekela. Atate ake anali ndi fakitale ya ma organ ndi ma piano, conco iye anatenga mivukuto ndi mapampu a mphepo a m'zoimbila zija n'kuziika pansi pa kabokosi kuti kazipendeka ndi kutembenuka monga ndeke. Poyamba ogula ambili anali eni malo a zosangalatsa. Zinthu zinasintha mu 1934, pamene boma la America linauza asilikali ake a m'mlengalenga kuti azinyamula makalata. M'milungu yocepa cabe, oyendetsa ndeke oposa 10 anafa, popeza sanazolowele kuuluka usiku kapena m'mitambo, mmene maso sathandiza ndipo munthu amadalila timawochi tokhala kutsogolo kwake. Asilikali anagula mabokosi 6, lililonse pa $3,500, ndipo pa nkhondo yaciwili ya padziko lonse anapangidwa oposa 10,000.

Cimene cimandikondweletsa pa makina a Link ndi kacipangizo kamene kanali pa thebulo la mphunzitsi. Kanali ndi timawilo, kamodzi kopaka inki, ndipo kanali kuyenda pang'ono-pang'ono pamwamba pa mapu kutsatila zimene wophunzila anali kucita m'bokosi. Anali kukachula kuti nkhanu. Wophunzila akatuluka ali thukuta lokha-lokha, anali kupeza ulendo wake wonse utalembeka pa pepala, ndipo panalibe zokana. Ulendo wa ndeke yoyelekezela susiya fumbi ku nsapato olo tikiti m'thumba, ndiye cifukwa cake umboni unafunika kungoyambila pa ciyambi.

Amene anabweletsa ndeke pa kompyuta ya panyumba ndi Bruce Artwick, amene anaphunzila pa University of Illinois. Iye ndi mnzake Stu Moment anayambitsa kampani ya subLOGIC, ndipo ca m'ma 1979 ndi 1980 anatulutsa flight simulator ya makompyuta a Apple II ndi TRS-80. Mukaona zithunzi zake lelo mungaseke. Dziko linali mizele cabe pa mdima, mapili ali ngati mano a sowo. Microsoft inagula cilolezo, ndipo mu November 1982 inatulutsa Microsoft Flight Simulator yoyamba ya IBM PC. Ndeke inali Cessna 182, ndipo dziko lonse linali madela anayi a ku America: Chicago, Seattle, Los Angeles, ndi New York pamodzi ndi Boston. Pulogilamuyi inali kugwilitsa nchito kompyuta zolimba, cakuti makampani opanga makompyuta otengela IBM anali kuyesela makina awo pa iyo. Ndeke ikauluka, ndiye kuti kompyuta ili bwino.

Nanga munthu akatela bwino, anali kumuonetsa bwanji mnzake? Batani la PrtSc linalipo, koma dzina lake linali kutanthauza kupulinta kweni-kweni. Ukadinikiza Shift ndi PrtSc, kompyuta inali kutumiza zilembo za pa sikilini ku pulinta, n'kuyamba kulila kwee-kwee pa pepala. Kuti cithunzi citulukeko panafunika kapulogilamu kena, ndipo cotulukaco cinali madontho akuda pa pepala loyela. Conco ambili, ngakhale olemba magazini, anali kungozimitsa magetsi, kuimika kamela ya filimu kutsogolo kwa sikilini, n'kujambula. Windows ndiyo inasintha nchito ya batanili. Linaleka kuitana pulinta n'kuyamba kusunga cithunzi ca sikilini mwakacetecete, kudikila kuti utsegule Paint ndi kucimata. Mpaka pano anthu ambili amalidinikiza, n'kuona kuti palibe cacitika, n'kuganiza kuti ndi lakufa.

Kujambula kutatheka, panatsala kutumiza. Cithunzi ca madontho 640 m'lifupi ndi 480 m'litali, cosungidwa monga BMP ya mitundu yonse, cimalemela mabaiti 921,600. Pa modemu ya 56k, imene inali kudutsa pa waya wa foni ya m'nyumba, cithunzi cimodzi cotele cinali kudya mphindi pafupifupi zitatu, ndipo nthawi yonseyo foni inali yotsekeka. Ndiye cifukwa cake mayina amene timawaona kumapeto kwa mafayilo athu anabadwa m'zaka zimenezo. CompuServe inatulutsa GIF mu 1987, yokhala ndi mitundu 256 cabe, imene inali kucititsa thambo la madzulo kuoneka ngati citenje ca mizele-mizele. JPEG inabwela mu 1992 n'kucepetsa zithunzi kwambili mwa kutaya tinthu tumene diso silizindikila msanga, koma inali kufufutitsa tumanambala twa pa timawochi ta ndeke. PNG ya 1996 siinali kutaya kanthu, koma inali yolemelako. Woulutsa ndeke aliyense anafunika kusankha: thambo lokongola, manambala owelengeka, kapena bilu ya foni yocepa. Kuno kwathu intaneti yathunthu inafika mu 1994 kupitila ku ZAMNET, imene inabadwila pa University of Zambia, ndipo tinali pakati pa maiko oyambilila mu Africa. Amene munagwilitsako nchito ma internet café a zaka zoyambilila za m'ma 2000 mukumbukila cithunzi cikutseguka kucokela pamwamba, mzele ndi mzele, wochi ya ndalama ikuyenda.

Pamene Flight Simulator X inatuluka mu 2006, opanga anali atadziwa kale kuti theka la cisangalalo ndi kuonetsa ena. Anaikamo batani lakelake, V, lojambula n'kusungilatu cithunzi popanda kupita ku Paint. Ndipo zithunzi zimenezi zinali ndi nchito zambili kuposa kudzionetsela. Wina akapenta ndeke m'mitundu ya kampani ya kwawo, screenshot ndiyo inali kuitana anthu kuti akatenge fayiloyo. Wina pulogilamu ikamuvuta, oyankha anali kuyamba ndi kupempha cithunzi ca timawochi, cifukwa munthu angalumbile kuti anatsitsa mawilo, koma tumagetsi tutatu tobiliwila ngati situnayake pa cithunzi, nkhani yatha.

Pali nchito ina imene palibe anaikonzekela. Kwa zaka zoposa 20, ukatsegula Microsoft Flight Simulator unali kudzipeza pa kabwalo ka ndeke ka Meigs Field, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan ku Chicago. Anthu a m'maiko ambili amene sanapondepo America anaphunzila kunyamuka pamenepo, nyumba zitali-zitali za mzindawo zili pambali. Usiku wa pa 30 March 2003, meya wa Chicago, Richard M. Daley, anatuma mathilakitala kukakumba zilembo zikulu-zikulu za X pa msewu wa ndekewo popanda kudziwitsa anthu. Kutaca, ndeke 16 zinapezeka zilibe ponyamukila, ndipo pambuyo pake malowo anasanduka paki. Bwalolo linatsala m'makompyuta ndi m'zithunzi za anthu amene anali kulikonda, cakuti Microsoft inalibwezela mu 2022 pokumbukila zaka 40 za pulogilamuyi. Ife nkhani yotele sitiimva ngati yacilendo. Caka cimene intaneti inafika, 1994, ndiye cakanso cimene Zambia Airways yakale inatsekedwa mu December, ndipo DC-10 ija yochedwa Nkwazi inaleka kuoneka pa bwalo la Lusaka. Malo amene ingaulukenso mu mitundu yake yakale ndi mu simulator, ngati wina wakhala pansi n'kuipenta. Ngakhale bwalo lenilenilo linasintha dzina mu 2011 kukhala Kenneth Kaunda International Airport, conco pa screenshot yakale mudzapeza zilembo FLLS pamene lelo pali FLKK.

Manje tibwele ku batani laciwili. Cithunzi cikatumizidwa, pansi pake pafunika mawu, ndipo cinenelo ca ndeke n'codzala ndi madigili. Msewu wa ndeke wa pa Kenneth Kaunda umachedwa 10/28 cifukwa mbali imodzi uyang'ana ca ku 100° pa kampasi, ndipo mbali inayo ca ku 280°. Mzinda wa Lusaka uli pafupi ndi 15°25′ kum'mwela ndi 28°17′ kum'mawa. Kutentha ndi madigili, kupendeka kwa mapiko ndi madigili. Koma yang'anani kiyibodi yanu, simudzapezapo °.

Cifukwa cake cili mu 1963, pamene ku America anagwilizana mndandanda wochedwa ASCII, wopatsa cilembo ciliconse nambala yake kuti makina azimvana. Malo analipo 128 cabe, ndipo oposa 30 anapita ku malamulo a makina otumizila mauthenga, monga kuliza belu kapena kuyamba mzele watsopano. Otsalawo anakwana zilembo za Cingelezi, manambala, ndi zizindikilo zocepa monga $ ndi @. Zilembo zing'ono-zing'ono zinalowamo mu 1967. Digili inatsala panja, pamodzi ndi cilembo ciliconse covala kacisoti kapena kamcila.

IBM popanga kompyuta ya 1981 inali ndi malo 256, kutanthauza kuti panali mipando ina 128 yopanda eni. David Bradley, mmodzi wa amisili a makinawo, amenenso anayambitsa Ctrl+Alt+Del, anafotokoza kuti iye ndi anzake awili, Andy Saenz ndi Lew Eggebrecht, anasankha zokhala m'mipandoyo pa msonkhano wa maola anayi ali m'ndeke, kucokela ku Seattle kupita ku Atlanta. Tangoganizani, anthu atatu pa ulendo umodzi. Anaikamo zilembo zina za ku Western Europe monga é, ü ndi ñ, zilembo zocepa za Cigiliki za masamu, tumizele tojambulila mabokosi, ndipo digili anaipatsa nambala 248. M'malo a malamulo akale aja anaikamo tunkhope tomwetulila ☺ ☻, zizindikilo za makhadi ♥ ♦ ♣ ♠, mivi ↑ ↓ → ←, ndi manoti a nyimbo ♪ ♫. Mndandandawu umachedwa code page 437. Popeza kiyibodi sikanakwana mabatani 256, anasiya kakhomo ka kumbuyo: gwila Alt, lemba nambala pa tumabatani twa manambala twa kumanja, ndiyeno siya Alt. Alt ndi 248 imabala °. Alt ndi 3 imabala ♥. Windows itabwela ndi mndandanda wake, anawonjezela zilo kutsogolo kuti asiyanitse, ndiye cifukwa cake Alt ndi 0176 imabalanso digili yomweyo. Anthu anali kulemba manambala amenewa pa kapepala n'kumata pambali pa sikilini, ndipo wodziwa ambili pamtima anali kuoneka katswili m'macheti.

Kwa oulutsa ndeke panali kavuto kena koseketsa. Tumabatani twa manambala tomweto nditwo tunali ciwongolelo ca amene analibe joystick: 4 ndi 6 kupendekela kumanzele ndi kumanja, 8 ndi 2 kutsitsa ndi kukweza mphuno ya ndeke. Alt nayo inali kutsegula menyu. Amene anali ndi laputopu yopanda tumabatani twa kumanja anali pa mavuto ena. Conco ambili anangogonja n'kumalemba 280 deg, kapena 280* ndi kanyenyezi, kapena kungoika cilembo o.

Kugonjako sikunali kwa manyazi, cifukwa oyendetsa ndeke enieni anagonja kale-kale. Mauthenga awo anakulila pa makina a telegalamu odziwa zilembo zikulu ndi manambala cabe, ndipo anapanga kalembedwe kosafuna cizindikilo capadela ciliconse. Lipoti la nyengo la pa bwalo la ndeke, lochedwa METAR, likalemba 09010KT litanthauza mphepo yocokela ku 90° pa liwilo la ma knot 10. Likalemba 24/09, nambala yoyamba ndi kutentha kwa mpweya, yaciwili ndi pamene mame angayambe kugwa. Kukazizila kupitilila zilo, salemba kamzele kocotsela, amangoika M kutsogolo, monga M02. Palibe digili olo imodzi. Mwambo umenewu unalowa m'maseweloso pamene anthu anayamba kuulukila pamodzi pa intaneti. IVAO inayamba mu 1998 ndipo VATSIM mu 2001, ndipo pa zonse ziwili anthu ena amakhala oyendetsa ndeke, ena otsogolela ndeke ali pansi, onse odzipeleka. Pa VATSIM munthu anali kuika /V pa pulani ya ulendo ngati adzakamba ndi mawu, /R ngati adzangomvetsela n'kumayankha molemba, ndi /T ngati zonse zidzakhala zolemba. Kwa munthu wa intaneti yofooka, kapena woopa kuti Cingelezi cake cidzasekedwa, /T ija inali khomo lolowela.

Pa zoseka ndi zocezela, anthu anapeza njila zina. Pa 19 September 1982, kutatsala miyezi iwili kuti Flight Simulator ya Microsoft ituluke, Scott Fahlman wa pa Carnegie Mellon University anapempha anzake kuti nthabwala aziziika cizindikilo ca :-) kuti asamakangane pacabe. Anangotenga zimene ASCII inali nazo n'kuuza anthu kupendeka mutu. Windows itabwela ndi mtundu wa zilembo wochedwa Wingdings, okonda ndeke anapeza kuti Q wamkulu amasanduka kandeke. Koma kandeke kameneko kanali covala cabe. Uthenga ukafika pa kompyuta yosadziwa Wingdings, wolandila anali kungoona Q ali yekha, n'kumadabwa.

Apa ndi pamene nkhani ya anthu atatu a m'ndeke aja imatikhudza ife. Anzathu olemba Silozi anacita mwayi. Cilembo cawo ñ cinapeza mpando mu 1981, pa nambala 164, cifukwa Cisipanishi cimacifuna. Ife a Cinyanja tili ndi ŵ, w wovala kacisoti, woimila liwu lija lofewa la pakati pa w ndi b, limene milomo imayandikana koma osatsekana. Ndi limene lili m'dzina la Malaŵi monga linali kulembedwa pa masitampu a dzikolo, ndi m'mawu monga aŵili kapena kuŵala. Cilembo cimeneci sicinali mu ASCII, sicinali mu code page 437, ndipo sicinali mu mndandanda wa Windows wa ku Western Europe. Cimodzi-modzi ŋ amene olemba Cibemba ena amagwilitsa nchito. Pa taipilaita mlembi akanatha kubwelela ndi bolopeni n'kuika kacisoti pamanja. Pa sikilini bolopeni siigwila.

Sindinganene kuti kompyuta yokha ndiyo inapha ŵ. Olankhula ambili, maka-maka m'tauni, sasiyanitsanso liwulo ndi w wamba, ndipo mwaona kuti m'nkhani ino nalemba awili wopanda cisoti monga mmene ambili timalembela. Koma cilembo cimene cifuna kuti ucisakile kwa mphindi ziwili sicingapikisane ndi cimene cili pansi pa cala. Ndipo panafika nthawi imene cinali kudya ndalama zenizeni. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili mu mndandanda wa GSM, umene uli ndi ñ ndi é koma ulibe ŵ olo °. Ukaikamo cilembo cimodzi cakunja, foni imasinthila uthenga wonse ku kalembedwe kena kokwana zilembo 70 cabe. Uthenga wa zilembo 150, umene ukanapita pa mtengo wa SMS imodzi, unali kugawika patatu cifukwa ca kacisoti kamodzi. Ndani akanalipila katatu kuti alemekeze galamala, pa nthawi imene tinali kudula mawu mpaka kutsala mafupa kuti talk time ifike madzulo?

Cothetsa vutoli cinayamba mu 1991 ndi Unicode, mndandanda umodzi wofuna kupatsa cilembo ciliconse ca padziko nambala yakeyake. Ŵ wamkulu ali pa 372, ŵ wamng'ono pa 373. Tiyamikeko anthu a ku Wales, amene amalemba madzi kuti dŵr, pakuti cinenelo cawo cimagwilitsa nchito cilembo comweco ndipo cinali pafupi ndi makutu a opanga malamulo. Mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza UTF-8, njila yosungila manambala onsewa popanda kusokoneza ASCII yakale, ndipo ndi imene pafupifupi intaneti yonse imayendela lelo. Koma kusamuka kunatenga zaka, ndipo zipsela zikalipo. Mu UTF-8 digili imasungidwa m'mabaiti awili, conco pulogilamu yakale ikawawelenga limodzi-limodzi imaonetsa 28Â°C. Ife a pa wailesi timakumana nazo pa mapepala a zanyengo, ndipo wowelenga watsopano amaima kaye kufunsa kuti Â ameneyu ndani. Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Kakhomo ka Alt nako sikanakule. Mu Word mungalembe 0175 n'kudinikiza Alt ndi X, ŵ n'kutuluka. Koma m'mapulogilamu ambili akale, Alt ndi 373 imazungulila pa 256 n'kutsala 117, ndipo pa sikilini pamabwela u.

Kandeke keni-keni ✈ kanalowa mu Unicode kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, kucokela ku zizindikilo zimene Hermann Zapf wa ku Germany anajambula. Ma emoji a mitundu anayambila ku Japan, kumene Shigetaka Kurita anapanga 176 mu 1999 a mafoni a NTT DoCoMo, ndipo Unicode inawalandila mu 2010. Lelo pa iPhone ukagwililila 0 pamabwela °, ukagwililila w pamabwela ŵ. Screenshot ndi zala ziwili pa mabatani a m'mbali mwa foni. Ma simulator nawo anatsika mtengo: FlightGear ndi yaulele kuyambila m'zaka za m'ma 1990, Google Earth inabisa yake mu 2007 yotseguka ndi Ctrl, Alt ndi A, ndipo ena ali pa foni. Cokhaco, pasipoti yanu ikali m'dziko lakale. Mizele iwili ya pansi imene makina amawelenga, malinga ndi malamulo a bungwe la ndeke la ICAO, imalola A mpaka Z, 0 mpaka 9, ndi cizindikilo ca < basi. Ngati dzina lanu lili ndi kakoma ka m'mwamba ka ng', kamatsala panja.

Pa 18 August 2020, anthu ali m'nyumba cifukwa ca Covid-19, Microsoft inatulutsa Flight Simulator yatsopano, yopangidwa ndi Asobo Studio ya ku Bordeaux ku France. Madela anayi a 1982 anasanduka dziko lonse lapansi, ndi mabwalo a ndeke pafupifupi 37,000, kuphatikizapo Lusaka, Livingstone ndi Mfuwe. Zithunzi za setilaiti za Bing Maps zimene imadalila zimakwana ma petabyte awili, ndipo zimabwela pa intaneti pamene ukuuluka. Kungoika pulogilamuyo pa kompyuta kunali kufuna ma gigabyte pafupifupi 100, cakuti ku Europe anaigulitsanso pa ma DVD 10. Muwelengele nokha kuti ndi ma bundle angati. Ambili a ife tinaiona koyamba pa zithunzi za ena, ndipo cinthu coyamba cimene pafupifupi aliyense anacita cinali kukafuna denga la nyumba yake.

Koma si mizinda yonse inajambulidwa mofanana. Ina, yambili ya ku America ndi ku Europe, inapangidwa kucokela ku zithunzi zojambulidwa ndi ndeke mbali zonse. Kwina konse, nyumba zinamangidwa ndi pulogilamu ya kampani ya Blackshark.ai ya ku Austria, imene imayang'ana denga pa cithunzi ca setilaiti n'kuganizila zotsalazo. Inasandutsa Buckingham Palace kukhala cinyumba ca maofesi, ndiye musadabwe ndi zimene ingacite ndi Kanyama kapena Chawama. Pofuna kudziwa kutalika kwa nyumba, inali kudalilanso OpenStreetMap, mapu amene anayamba mu 2004 ndipo amalembedwa ndi aliyense wofuna. Zimene mumaona pa screenshot ya komboni yanu zimadalila ngati panapezeka munthu amene anakhala pansi n'kulemba misewu ndi nyumba zake.

Patangopita masiku ocepa pulogilamu itatuluka, zithunzi zinayamba kuzungulila za cinyumba coonda ngati singano, cotalika kuposa nyumba iliyonse ya ku Australia, citaima pakati pa tunyumba twa anthu wamba ku Fawkner, kumpoto kwa Melbourne. Atafufuza anapeza kuti wophunzila wina wa pa yunivesite, polemba za nyumba ina mu OpenStreetMap, anafuna kulemba kuti ili ndi nsanjika 2 koma cala cinalemba 212. Ena anali atakonza kale nambalayo pa mapu, koma opanga simulator anali atakopela zonse isanakonzedwe. Oulutsa ndeke anathamangila ku Melbourne, ena kukacizungulila, ena kukayesa kutela padenga pake ndi tundeke tung'ono, ndipo ena anakwanitsa. Onse anali kudziwa kuti opanga pulogilamu adzacicotsa, ndipo anacicotsadi. Amene afuna kuciona lelo amafunika kusakila zithunzi za amene anadinikiza batani mu August 2020.